Mainchesi a aNashawa

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuwayeza
pakhonde pano, kuseri kwa depoti ya Dedza,
tepi m'khosi, choko kukhutu.
Chaka ndi chaka nsalu inkaonjezekera,
mamita atatu, kenaka anayi ndi theka,
iwo n'kumaseka: "A Dzonzi, musaumire,
kachewere wa ku Bembeke wandiyanja."
Tinkati akudya bwino.
Tinkati kubanjako kuli mtendere.

Ndiye m'mawa wina wa mu Juni
anagwa pakati pa matumba awo pamsika,
thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho.
Panafunika amuna asanu kuti awakweze galimoto.
Kuchipatala anawauza zitatu:
shuga, kuthamanga kwa magazi,
ndi mawondo amene atopa kusenza mwini wake.

Mwana wawo wa ku Joni anaimba foni:
"Kuno amadula chifu, amayi,
chimatsala ngati nthochi imodzi,
mumakhuta ndi masipuni anayi."
Anatchula mtengo wake.
ANashawa anawerengera m'matumba a kachewere,
atafika pa lole yachitatu anasiya.
"Chifu changa achileke," anandiuza,
"ndikambirana nacho ndekha."

Kuyambira apo, Lachinayi loyamba la mwezi
amakafola ndi kabuku kawo kakuchipatala,
n'kukwera sikelo atavula nsapato, juzi,
ndi mpango womwe, ngati mpango umalemera.
A Kamphinda, adokotala achichepere aja,
amawabaya chala, amalemba manambala,
amafunsa za mchere, za mafuta,
za masipuni a shuga olowa mu tiyi mobisa.
Anawajambulira mbale papepala:
theka lonse masamba.
Mbandakucha amayenda mpaka kumapaini, patsinde pa phiri,
moti agalu akumeneko anasiya kuwauwa.

Tsiku lina anandiponyera diresi lakale.
"Chepetsani."
Ine amene ndinkangodziwa kuwakulitsira,
sizasi inandinjenjemera m'manja.
Inchi imodzi. Mwezi wina theka.
Mwezi wina palibe.
Disembala, maukwati atatu ndi chinkhoswe,
ndinasola zonse ndinasoka mu Okutobala,
iwo osalankhula, ine osafunsa,
makina okha akulongolola.

Chowawa si njala ayi, amatero,
njala imamva ukaiuza kuti dikira.
Koma pakamwa pa anthu!
Mwawaona aNashawa? Akutha.
Ndi kajatu kaja.
Ayi, geni yagwa. Ayi, alipo wawapita pansi.
Bambo akunyumba nawo anakwiya:
"Mukundivula pagulu,
anthu aziti sindikudyetsani."
Alamu awo anabwera ndi nkhumba yonona
ndi pemphero lalitali.
Analandira pempherolo.

Amene ankaombera m'manja thupi lija
sanalipo usiku umene ankagona chokhala
poopa kuti mpweya uwathawa.
Izi anandiuza motsitsa mawu
ndikuwalasa mapini m'chiuno.

Dzulo abwera wapansi kuchokera kuchipatala,
akabaza akuwaimbira belu, iwo osacheuka,
kamdzukulu kali kumsana,
kamene chibadwire sanakaberekepo.
Ndinatenga tepi.
Kale ndinkachita kuwazungulira
ngati ndikuyeza maziko a nyumba;
dzulo ndinangoima pamodzi
manja anga n'kukumana okha.
"Fote folo," ndinatero.
"Bwerezani."
Ndinabwereza. Fote folo.
Sanalulute. Anangoti a Kamphinda akuti ulendo ukadalipo,
makilo ena khumi ndi asanu,
ndipo mapilitsi achoka amodzi okha.

Pansi pa makina ndili ndi jumbo
lodzaza timizere tansalu todulidwa m'madiresi awo,
tamaluwa, tamvano, tina tamaliro.
Ndinalitulutsa kuti aone zimene avula.
Ndinati ndikusokereni chopondera pakhomo,
muzizipondaponda polowa ndi potuluka.

Analikweza m'mwamba ngati akuyesa kachewere,
n'kulibweza pansi pa makina.
"Sungani kaye, a Dzonzi.
Disembala akubweranso."